Kuika manambala a malo molondola pojambula mapaipi a mthirira pa kompyuta

Tsamba lino ndi la inu alangizi a zaulimi, amisiri a mthirira, ophunzira amene muli pa ntchito yoyeserera, komanso atsogoleri a masikimu amene mumalandira mapulani a mapaipi kuchokera kwa makontilakitala. Zitsanzo zachokera ku Makhanga, m'dera la Mfumu Yaikulu Mlolo m'boma la Nsanje, koma malangizowa ndi othandiza paliponse m'chigwa cha Shire.

Masiku ano mapulani ambiri a masikimu oyendera mphamvu ya dzuwa amajambulidwa pa kompyuta ndi mapulogalamu monga AutoCAD, Civil 3D, Plant 3D kapena FreeCAD. Mapulogalamuwa amaonetsa paipi m'litali, m'lifupi ndi kukwera kwake, zomwe zimatchedwa 3D. Chojambulacho chimaoneka bwino, koma kompyuta siidziwa kumene kuli mtsinje wa Ruo, ndipo siidziwa malire a munda wa munthu. Imangotsata manambala. Mukaipatsa manambala olakwika, ijambula molakwika popanda kukuchenjezani.

Chifukwa chake nkhaniyi ndi yofunika ku Makhanga

Choyamba, malo ndi athyathyathya. Makhanga ali pamtunda wa mamita pafupifupi 50 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo m'madimba ambiri diso silingathe kuona kuti kumtunda n'kuti. Kulakwitsa ndi theka la mita kukhoza kuchititsa kuti madzi asafike kumapeto kwa sikimu.

Chachiwiri, madzi osefukira amasintha nthaka. Mu Januwale 2015 Ruo anasefukira n'kudzitsegulira njira yatsopano. Kenako kunabwera namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Mitengo, mizere ndi tinjira zomwe anthu ankalozera zinapita, ndipo mchenga unakwirira minda ina. Paipi yokwiriridwa pansi mungaipezenso pokhapokha manambala a malo ake analembedwa bwino.

Chachitatu, kubweretsa zipangizo n'kodula. Mapaipi amadzera msewu wochokera pa Thabwa kapena kuwoloka pa bwato kuchokera ku Bangula. Akaperewera asanu chifukwa cha pulani yolakwika, ntchito imaima, ndipo nyengo yobzala mbewu za m'chilimwe siidikira.

X, Y ndi Z

Malo aliwonse pa chojambula cha 3D ali ndi manambala atatu. X ndi mtunda wopita kum'mawa. Y ndi mtunda wopita kumpoto. Z ndi kukwera kapena kutsika. Onse atatu amawerengedwa kuchokera pamalo amodzi oyambira, pomwe X, Y ndi Z ali 0. Dongosolo la manambala a malo ndi mgwirizano wa zinthu zitatu: poyambirapo ndi pati, kumpoto n'kuti, ndipo tikuyeza m'mamita kapena m'mamilimita. Anthu awiri akasiyana pa chimodzi mwa zitatuzi, zojambula zawo sizingalumikizane.

Madongosolo atatu amene mudzakumane nawo

1. Madigiri a latitude ndi longitude. Awa ndi amene foni ndi Google Earth zimaonetsa kawirikawiri. Makhanga ali pafupi ndi madigiri 16.5 kummwera ndi 35.2 kum'mawa. Nambala ya dongosololi m'mapulogalamu a mapu ndi EPSG 4326. Madigiri si mamita, choncho musajambule nawo mapaipi. Kumbukiraninso kuti kummwera kwa equator latitude imalembedwa ndi kamzere kochotsera, monga -16.5. Mukaiwala kamzereko, sikimu yanu ikaonekera ku Sudan.

2. UTM. Dongosololi limagawa dziko lapansi m'zigawo 60 ndipo limayeza m'mamita. Malawi yense ali m'chigawo 36 cha kummwera, cholembedwa 36S, chomwe chimayambira pa longitude 30 kufika 36. Mzere wapakati pa chigawochi, wa longitude 33, unapatsidwa nambala 500,000, ndipo equator inapatsidwa 10,000,000. Nambala ya kum'mawa imatchedwa easting, ya kumpoto northing. Ku Makhanga easting imakhala ya manambala asanu ndi limodzi oyamba ndi 7, pomwe northing imakhala ya manambala asanu ndi awiri oyamba ndi 81. Mukaona zosiyana ndi izi, imani kaye mufufuze.

3. Dongosolo la pamalopo. Apa mumasankha nokha poyambira pafupi ndi sikimu kuti manambala akhale aang'ono. Ndi lothandiza pojambula, koma liyenera kumangiriridwa ku UTM, ndipo kumangirirako kulembedwe pa pulani.

Datum: mapu akale ndi GPS salankhula chimodzi

Datum ndi maziko amene manambala a mapu anakhazikikapo. GPS, foni ndi Google Earth zimagwiritsa ntchito WGS 84. Mapu akale a boma, monga a sikelo ya 1:50,000 amene amapezeka m'maofesi ambiri, anajambulidwa pa Arc 1950. Onse awiri ali ndi UTM 36S, ndipo manambala ake amaoneka ofanana, koma malo amodzi omwewo amasiyana ndi mamita pafupifupi 300, makamaka pa northing.

Manambala oti muwasunge ndi awa. WGS 84 UTM 36S ndi EPSG 32736. Arc 1950 UTM 36S ndi EPSG 20936. Chenjerani ndi EPSG 32636: imeneyo ndi 36 ya kumpoto kwa equator, ndipo idzaika Makhanga m'nyanja yozizira kumpoto kwa Russia.

Ndinazionapo ndekha pa sikimu ina yaing'ono. Wojambula anatenga malire a minda pa mapu akale, koma malo a chitsime anawatenga pa GPS, n'kuziphatikiza osasintha datum. Pa pepala zonse zinali bwino. Tsiku lokhoma zikhomo, mzere wa paipi yaikulu unadutsa pakati pa munda wa munthu amene sanali membala wa sikimu. Nkhani inapita kwa nyakwawa, ntchito inaima masabata atatu, ndipo alimi anabzala chimanga mochedwa. Funso limodzi lokha, lakuti mapuwa ali pa datum iti, likanapewetsa zonsezi.

Pa pulani yatsopano gwiritsani ntchito EPSG 32736, pokhapokha ofesi ya mthirira kapena masaveya a boma atakuuzani dongosolo lina. Chilichonse chochokera pa mapu akale chisinthidwe kaye chisanalowe m'chojambula. Mu QGIS, pulogalamu yaulere ya mapu, pali zinthu ziwiri zimene anthu amasokoneza. Set Layer CRS imangouza kompyuta dzina la dongosolo, manambala osasintha. Kuti manambala asinthedi, gwiritsani ntchito Reproject Layer, kapena Save Features As n'kusankha dongosolo latsopano.

Z: nambala imene imasankha pampu

GPS ya m'foni imaphonya ndi mamita 3 mpaka 5 pa X ndi Y, nthawi zina kuposa apo. Pa Z imaphonya kwambiri, mwina ndi mamita 10. Kukwera kumene Google Earth imaonetsa nakonso n'kongoyerekeza. Zimenezi zikhoza kukuthandizani kupeza dimba, koma sizokwanira posankha pampu.

Madzi okwera mamita 10 amapereka mphamvu ya pafupifupi bar imodzi. Mthirira wa m'dontho wambiri umafuna mphamvu yozungulira bar imodzi yomweyo. Ndiye kuti kuphonya kwa foni kukhoza kufanana ndi mphamvu yonse imene sikimu ikufuna.

Z iyezedwe ndi makina a levulo, total station kapena GPS ya masaveya ya RTK. Pa dimba laling'ono, paipi yoonekera mkati yodzaza madzi imathandiza, bola mulibe mpweya ndipo mukuyeza pang'onopang'ono. Nthawi zonse malizani kuyeza pobwerera pomwe munayambira. Nambala yomalizira ikasiyana ndi yoyamba ndi masentimita ochuluka, bwerezani.

Ngati pafupi palibe chizindikiro cha boma chodziwika kukwera kwake, patsani mwala wanu woyamba Z ya 100.00. Mukatero, malo otsika sakhala ndi manambala ochotsera. Lembani pa pulani kuti 100.00 ameneyu ndi wongogwirizana, si kukwera kuchokera pa nyanja yamchere.

Gwirizananinso kuti Z ya paipi ikutanthauza chiyani: pamwamba pa nthaka, pakati pa paipi, kapena pansi pa mkati mwa paipi. Mapulogalamu a 3D kawirikawiri amajambula potsata pakati pa paipi, pomwe okumba ngalande amafuna kudziwa kuya kwa ngalande kuchokera pamwamba pa nthaka.

Ntchito ya kumunda musanatsegule kompyuta

1. Ikani miyala ya chizindikiro yosachepera itatu. Umbani ndi simenti, pakati muzike kachitsulo, ndipo mulembepo dzina monga A, B ndi C simenti isanaume.

2. Miyalayo italikirane ndipo isakhale pamzere umodzi. Iwiri imakuuzani malo ndi kolowera, wachitatu ndi wotsimikizira.

3. Mwala umodzi ukhale pamalo okwera amene madzi osefukira safika msanga, kapena pa chomangidwa cholimba monga maziko a thanki. Musadalire mtengo, chulu kapena gombe la mtsinje.

4. Yezani ndi tepi mtunda wa pakati pa miyalayo, mulembe m'buku.

5. Onetsani miyalayo kwa nyakwawa ndi komiti ya sikimu, ndipo fotokozani kuti si malire a minda. Mwala umene anthu sakuudziwa ntchito yake umazulidwa.

6. Pomwe pampu idzatunge, yezani Z ya madzi pa nthawi imene aphwera kwambiri, cha mu Okutobala kapena Novembala mvula isanayambe. Yezaninso pomwe madzi osefukira anafika, kuti mapanelo a sola ndi bokosi la magetsi zidzakhale pamwamba pake. Akuluakulu a m'mudzi ndi zipsera za matope pa makoma zidzakuuzani.

Kukonza chojambula chisanayambe

1. Sankhani muyeso. Mu AutoCAD lembani UNITS ndipo musankhe mamita pa pulani ya sikimu yonse. Zojambula za nyumba ya pampu nthawi zambiri zimakhala m'mamilimita. Mukazilowetsa osaonetsetsa, nyumbayo idzakula kuwirikiza 1,000.

2. Uzani pulogalamu dongosolo la mapu. Mu Civil 3D zimenezi zili pa Drawing Settings, pa tsamba la Units and Zone. Mu QGIS nambala ya EPSG imaoneka pansi, kudzanja lamanja. AutoCAD wamba amangolandira manambala monga mwawalembera, choncho udindo wonse ndi wanu.

3. Onani mndandanda wa manambala ochokera kumunda. Masaveya ena amayamba ndi easting, ena amayamba ndi northing. Mu Civil 3D mndandanda woyamba ndi easting umatchedwa PENZD, woyamba ndi northing PNEZD. Easting ipite ku X, northing ipite ku Y.

4. Lowetsani miyala ya chizindikiro poyamba, pa layer yakeyake, ndipo muikhome kuti isasunthe mwangozi.

5. Ndi lamulo la DIST yezani mtunda wa pakati pa miyala, muyerekeze ndi wa tepi. Ku Makhanga mtunda wa pa UTM umaposa wa pansi ndi masentimita pafupifupi 25 pa kilomita iliyonse, kutanthauza masentimita 5 pa mamita 200. Kusiyana kotere n'kwachibadwa cha UTM. Kukafika mamita, pali cholakwika.

6. Ganizirani za kukula kwa manambala. Mapulogalamu a 3D amavutika chojambula chikakhala kutali kwambiri ndi poyambira: mapaipi ozungulira amaoneka opindika ndipo zolumikizira zimakana kugwirana. Revit imafuna kuti zonse zikhale mkati mwa makilomita 16 kuchokera poyambira pake. Njira yake ndi kuchotsa nambala yozungulira pa easting ndi northing zonse, n'kujambula ndi zotsalazo. Musatembenuze chojambula pochita zimenezi. Y apitirize kuloza kumpoto.

WCS ndi UCS

Mu AutoCAD muli madongosolo awiri. WCS ndi lokhazikika, silisuntha, ndipo ndi limene limasunga malo enieni a chilichonse. UCS ndi la inu wojambula: mukhoza kulisuntha, kulitembenuza kapena kuliimiritsa. Taganizani za thabwa lojambulira limene mwalinyamula. Mukhoza kuligoneka pansi, kulitsamiritsa kukhoma kapena kulilozetsa kumene mzere ukupita, koma munda uli pomwe unali. Mu FreeCAD thabwa limeneli limatchedwa working plane.

UCS ndi yofunika chifukwa mapaipi satsata kumpoto. Amatsata malire a minda, misewu ndi ngalande. Komanso zinthu zina, monga mzere wa PLINE ndi chozungulira cha CIRCLE, zimajambulika pa thabwa la X ndi Y lokha. Kuti mujambule paipi yokwera ku thanki, kapena kukamwa kwa paipi yogona, muyenera kuimiritsa thabwalo.

Malamulo ofunika ndi awa. UCS kenako Z imatembenuza thabwa lili chigonere, kuti X atsate paipi. UCS kenako X kenako 90 imaliimiritsa, Y n'kuloza kumwamba. UCS kenako ZA imalozetsa Z kumene paipi ikupita, zomwe zimathandiza pojambula kukamwa kwa paipi. UCS kenako NA imakulolani kusunga thabwalo ndi dzina, monga Paipi Yaikulu kapena Thanki. UCS kenako W imakubwezerani ku WCS. PLAN imatembenuza maonekedwe kuti muyang'ane thabwa mwachindunji, popanda kusuntha chojambula. Mu Plant 3D, pamene mukuyala paipi, kugwira Ctrl n'kudina kumanja kwa mausi kumasintha thabwa limene paipi ikukhotera.

Mukhozanso kuika UCS posankha malo atatu, koma samalani. Malowo akakhala ndi Z yosiyana, thabwa limapendekeka pang'ono, ndipo chilichonse chimene mudzati chaima chilili chidzakhala chotsamira.

Kuti musasokonezeke, gwiritsani ntchito dzanja lamanja. Chala chachikulu ndi X, cholozera ndi Y, chapakati chikapindika ndi Z. Siyani kachizindikiro ka UCS kakuoneka pa sikirini nthawi zonse.

Polemba manambala, chizindikiro cha @ chimatanthauza kuchokera pomwe ndili, pomwe nyenyezi ya * imatanthauza kuti manambalawo ndi a WCS ngakhale muli mu UCS. Ngati Dynamic Input ndi yoyatsa, malo achiwiri amawerengedwa kuchokera pa oyamba, ndipo muyenera kuyamba ndi # kuti manambala awerengedwe kuchokera poyambira.

Lamulo lalikulu ndi ili: musanalowetse manambala a kumunda, musanawerenge malo ndi ID, ndiponso musanatumize fayilo kwa wina, bwererani ku WCS.

Kumpoto kutatu ndi kawerengedwe ka madigiri

Pali kumpoto kwenikweni, kumpoto kwa mizere ya UTM, ndi kumpoto kwa kampasi. Ku Makhanga kumpoto kwa UTM kumasiyana ndi kwenikweni ndi theka la digiri ndi pang'ono. Kampasi imasiyana ndi madigiri angapo, ndipo kusiyanako kumasintha ndi zaka. Digiri imodzi yokha imasuntha mapeto a paipi ya mamita 200 ndi mamita atatu ndi theka. Choncho musaike mzere wa paipi ndi kampasi. Uikeni kuchokera pa miyala ya chizindikiro.

Masaveya amawerenga madigiri kuyambira kumpoto, motsata mivi ya wotchi. AutoCAD, ngati simunaisinthe, imayambira kum'mawa n'kumazungulira mobwerera. Musanalembe digiri iliyonse, dziwani kuti ndi ya mtundu uti.

Chitsanzo

Manambala awa ndi ongophunzirira, si a sikimu yeniyeni. Mwala A uli pa easting 731,200 ndi northing 8,173,400, ndipo taupatsa Z ya 100.00. Tagwirizana kuchotsa 731,000 pa easting zonse ndi 8,173,000 pa northing zonse. Mwala A ukhala pa X 200, Y 400.

Pampu ili pa X 180, Y 350. Nthaka pamenepo ili pa Z 98.60, ndipo madzi akaphwera amakhala pa 96.50. Thanki ili pa X 300, Y 510, nthaka ili pa 100.80. Paipi ikwiriridwa masentimita 60, choncho iyambira pa Z 98.00 n'kukathera pa 100.20.

Kuchoka pa pampu kufika pa thanki tapita mamita 120 kum'mawa ndi 160 kumpoto. Mtunda wake ndi mamita 200. Muli mu WCS, lembani 3DPOLY, kenako 180,350,98.00, kenako 300,510,100.20. Gwiritsani ntchito 3DPOLY chifukwa PLINE wamba amasunga Z imodzi mzere wonse. Pa ntchito yeniyeni muikanso malo apakati, paliponse pomwe nthaka yakwera kapena kutsika.

Mapaipi a PVC amabwera a mamita 6. Mamita 200 afuna mapaipi 34, ndipo muonjezere pang'ono chifukwa polowetsana pamadya utali.

Tsopano paipi yokwera. Nsanja ya thanki ndi ya mamita 6, ndipo madzi alowera mamita awiri pamwamba pa nsanjayo, pa Z 108.80. Sunthani UCS ifike kumapeto kwa paipi, muitembenuze kuti X atsate paipiyo, kenako muiimiritse ndi UCS, X, 90. Mzere wa @0,8.6,0 ukwera mamita 8.60, kuchoka pa 100.20 kufika pa 108.80. Bwererani ku WCS ndipo mutsimikize ndi ID kuti Z ndi 108.80.

Pampu iyenera kukweza madzi kuchoka pa 96.50 kufika pa 108.80, omwe ndi mamita 12.30, kuphatikizapo mphamvu imene imatayika madzi akamakhulana ndi paipi. Z ikanachokera pa foni n'kuphonya ndi mamita 10, mukanagula pampu yolephera kufikitsa madzi m'thanki, kapena yaikulu mopitirira, yofuna mapanelo ambiri amene alimi akanalipira pachabe.

Onaninso za madigiri. Kwa saveya, paipiyi ikuloza madigiri 36.87 kuchokera kumpoto. Kwa AutoCAD ndi 53.13 kuchokera kum'mawa. Mukalemba @200<36.87 osasintha kawerengedwe, mzere upita mamita 160 kum'mawa ndi 120 kumpoto, ndipo thanki ikhala mamita pafupifupi 57 kutali ndi malo ake.

Zizindikiro za zolakwika ndi gwero lake

Zonse zasunthira kumpoto kapena kummwera ndi mamita pafupifupi 300: mwasakaniza Arc 1950 ndi WGS 84.

Chojambula chili kutali kwambiri ndipo chatembenuka ngati cha pagalasi: easting ndi northing zasinthana.

Sikimu yonse ikuoneka ngati kadontho pafupi ndi 35 ndi -16: mwalowetsa madigiri m'malo mwa mamita.

Chinthu chakula kapena kuchepa kuwirikiza 1,000: mamita ndi mamilimita. Chikasiyana katatu ndi pang'ono: mamita ndi mafiti, popeza fiti imodzi ndi mamita 0.3048.

Mapaipi akuoneka olumikizana mukayang'ana kuchokera pamwamba, koma utali wake ndi waukulu modabwitsa: mbali imodzi yagwira chinthu chimene chili pa Z 0. Yang'anani chojambula cham'mbali. Mudzaona mzere ukutsika ngati chingwe cha chitsime. Chizolowezi chabwino ndi kugawa sikirini pawiri, mbali ina yoonera pamwamba, ina yoonera cham'mbali.

Manambala a ID sakugwirizana ndi a m'buku, koma chojambula chili bwino: mwaiwala kubwerera ku WCS.

Bendi ikukana kulowa: paipi yakhota ndi madigiri amene sapezeka m'sitolo. Mabendi odziwika ndi a madigiri 90, 45, 22.5 ndi 11.25. Konzani mzere kuti ugwirizane ndi amenewa. Paipi ya HDPE imatha kupindika pang'onopang'ono, koma ya PVC musaikakamize kapena kuiwotcha pamoto.

Potumiza chojambula ku mapulogalamu ena

Fayilo ya DXF kawirikawiri siinyamula dzina la dongosolo lake. Woilandira amangoona manambala. Choncho lembani EPSG m'dzina la fayilo komanso mu uthenga wotumizira. Ngati munachotsa nambala yozungulira, ibwezereni musanatumize ku QGIS kapena ku GPS.

EPANET, pulogalamu yaulere yowerengera kayendedwe ka madzi m'mapaipi, imayamba ndi miyeso ya ku America. Sinthani Flow Units kukhala LPS kuti utali ndi kukwera zikhale m'mamita, ndipo kukula kwa paipi kukhale m'mamilimita. Onetsetsaninso utali wa paipi iliyonse, chifukwa EPANET siitenga utali pa chithunzi pokhapokha Auto-Length ili yoyatsa.

Kubwerera kumunda

Tsiku lokhoma zikhomo, yambani ndi miyala. Imani pa A, tsimikizani B ndi C, kenako muyambe mzere wa paipi. Yendani mzere wonse pamodzi ndi komiti ndi eni minda khasu lisanagwe pansi. Ngati chikhomo chagwa pamanda, panjira ya ng'ombe kapena m'munda wa munthu wina, nthawi yokonza ndi imeneyo.

Ngalande isanakwiriridwe, yezaninso malo enieni a bendi, valavu ndi mphambano iliyonse, chifukwa okumba amapatuka akakumana ndi chitsa. Konzani chojambula kuti chionetse zimene zili pansi. Madzi osefukira akadutsa, yezaninso miyala yonse musanaikhulupirire. Umodzi ukasiyana ndi inzake, ndiye kuti wasuntha kapena watitimira.

Zimene komiti ya sikimu ifunse isanalandire pulani

Simufunika kudziwa kompyuta kuti mufunse mafunso awa. Pulani yabwino imayankha onse pa pepala lomwelo.

1. Kodi dongosolo ndi datum zalembedwa, pamodzi ndi nambala ya EPSG?

2. Kodi muyeso ndi mamita kapena mamilimita?

3. Kodi miyala ya chizindikiro ili pa pulani ndi manambala ake, ndipo wojambula angakulozereni miyalayo kumunda?

4. Kodi Z inayezedwa ndi chiyani, liti, ndipo ikuchokera pa chizindikiro chiti?

5. Kodi pali nambala imene inachotsedwa pa easting ndi northing? Ndi iti?

6. Kodi muvi wa kumpoto ulipo, ndipo walembedwa kuti ndi kumpoto kwa UTM?

7. Kodi madzi a m'chilimwe ndi pomwe madzi osefukira amafika zaonetsedwa?

Pemphani pulani ya papepala komanso fayilo yake. Pepala limodzi lisungidwe ndi mlembi wa komiti m'pulasitiki yomata bwino, lina ku ofesi ya zaulimi ya EPA yanu, ndipo mulijambulenso pa mafoni a anthu awiri kapena atatu. Ngati pali chimene simukuchimvetsa pa pulani, musasaine. Pitani nayo kwa mlangizi wa m'dera lanu kapena ku ofesi ya mthirira ya boma la Nsanje kuti muionere limodzi.